Mmene Ndinatsitsira Zaka za Mphwanga

Ntchito yanga ndi nsapato za kaunjika. Ndimapikula belo ku Limbe n'kumazungulira nalo misika, lero Migowi, mawa Chiringa, mkuja kulikonse kumene kwagwa tsiku la msika. Zaka zonsezi pakamwa panga sipanatulukepo nambala yoona ulendo woyamba. Pogulitsa ndimayambira kumwamba, pogula ndimayambira pansi, kenako timakokana mpaka tikumane pakati. Ngakhale mkazi wanga akafunsa kuti ndibwera nthawi yanji, ndimati eyiti, kuti ndikafika sikisi andiyamike. Anthu amati ndine wochenjera, ndipo kwa nthawi yaitali nanenso ndinkavomereza.

Achemwali anga, amene ndinapondana nawo, ali ndi mwana mmodzi wamwamuna. Bambo ake anapita ku Mozambique kukagula nandolo mwanayo akuyamwa, mpaka lero akugulabe. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndiye zonse za mnyamatayo zinkagwera ine malume wake: yunifolomu, makope, kukayankha milandu akaswa zenera la tchalitchi ndi mpira wachikulunga.

Chaka chimene ndikunenachi mphwangayo anali ndi zaka seventini. Anali Fomu 2 pa sekondale yoyendera, mayeso atatsala miyezi inayi. Sanali wanzeru zoti n'kukalengeza pa wailesi, koma masamu ankawamva, ndipo aphunzitsi ankati mayesowo akhoza. Thupi lokha ndilo linamumana. Anali wamfupi, woonda, kumaso kosalala ngati wa ku pulayimale. Mayi ake ankati n'chifukwa anasiya kuyamwa chaka cha njala. Koma mumupatse mpira ku mwendo wamanzere! Pa mabonanza a m'mudzi ankadyetsa njomba azibambo a ndevu mpaka amayi kulowa m'bwalo akukupiza zitenje, oyimbira n'kumawathamangitsa ndi kamtengo.

Tsiku lina pa msika wa Migowi panadutsa galimoto ya chimkuzamawu. Inkalengeza kuti timu ina yaikulu ya ku Blantyre ikubwera kudzasankha anyamata opita ku akademe yake, sukulu ya mpira kumene ana amagona konko, kudya konko, m'mawa kupita m'kalasi, masana kubwalo. Ankafuna osapitirira zaka fifitini.

Sindinaone vuto. Aliyense amadziwa kuti munthu wampira amakhala ndi zaka za mitundu iwiri, zimene akudziwa mayi ake ndi zimene akudziwa akochi. Ndinawerengera ndili pa mulu wa nsapato: seventini kuchotsapo zitatu, fotini. Ndi kathupi kakeko, fotini inkamukhala ngati anachita kumuyeza. Ndinamuuza, iye anaseka n'kuvomera.

Loweruka lake tinapita pa bwalo la sukulu ina ya pulayimale, kumunsi kwa phiri la Michesi. Kunali khwimbi. Ena mwa "ana" amenewo anali ndi minofu ya khasu. Mmodzi ndinkamudziwa bwino, ali ndi mkazi woyembekezera ku Kaduya, koma anali atameta mpala n'kudzola mafuta kuti aoneke khanda. Mphwanga ndinamupatsa jombo zampira zochokera m'belo, zokulirapo pang'ono, tinachita kutsendera nyuzipepala kutsogolo. Anasewera mphindi makumi awiri zokha. Anagoletsa chimodzi, china anapatsira mnzake, ndipo akochi, bambo wamtali wa kapusi ndi wenzulo m'khosi, anamuloza ndi chala kuti atuluke akadikire pa tebulo.

Tebulolo linali pansi pa mtengo wa mango. Akochi anakhala, n'kutenga fomu ndi cholembera.

"Ndinu bambo ake?"

"Malume ake, bwana. Kuno malume ndiye bambo woposa bambo."

"Chabwino, amalume. Zaka?"

Nambala inali m'mutu, yokonzeka kuyambira Lachiwiri. Koma panali tebulo, panali munthu mbali inayo, panali funso lofuna nambala. Pakamwa panga panagwira ntchito imene pamadziwa.

"Thwelofu, bwana."

Ndinadikira. Pamsika ukatchula mtengo woyamba, mnzako amaseka, amagwira kukamwa, amati aaa, akulu, tiyeni tizikambirana ngati anthu. Ndinali nditaona kale mmene zikhalire: iwo anena fifitini, ine ndikwera pa thatini monyinyirika, tikumana pa fotini, aliyense apita kwawo akuganiza kuti wapambana ndi iye.

Akochi anayang'ana mnyamatayo kuyambira ku jombo mpaka kumutu. Anayang'ana mnzawo amene anakhala pambali. Kenako anawerama n'kulemba. Wani, thuu.

Wamalonda aliyense amadziwa tanthauzo lake munthu akavomera mtengo woyamba osatsutsa. Umadziwa kuti walakwitsa penapake, koma katundu wapita kale m'jumbo.

"Thwelofu akusewera chonchi?" anatero akochi, akumwetulira. "Uyu ndi wathu, amalume. Tikamulera bwino."

Ndikanatha kunena kuti pepani, lilime laterereka. Koma kukweza ndekha nambala imene yalandiridwa kale kukanatanthauza kuti ndine wabodza, ndipo wabodza akagwidwa pa thwelofu, fotini yakenso sakhulupirira. Ndinangoti zikomo bwana, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono ngati ndili pa maliro.

Pobwerera ndinamukweza pa njinga. Titadutsa minda iwiri ya nandolo anandifunsa.

"Malume, si munati fotini?"

"Khala chete iwe. Ndakupezera zaka ziwiri zaulere. Basela ameneyo."

Sanaseke. Ine ndinaseka ndekha mpaka pa mlatho.

Vuto linaonekera titawerenga pepala limene anatipatsa. Ankafuna kalata ya kusukulu, yosonyeza kalasi, kuti akapitirize maphunziro konko. Mwana wa fotini akhoza kukhala Fomu 1 kaya Fomu 2, palibe angadabwe. Wa thwelofu wa kumudzi malo ake ndi Sitandade 6.

Achemwali ndinawapeza pabwalo akusenda chinangwa cha makaka. Ndinafotokoza zonse mozungulira, kuyambira ku matiresi ndi nyama kawiri pa sabata, n'kumalizira ku Sitandade 6 motsitsa mawu. Mpeni unaima.

"Achimwene, mwati sitandade chiyani?"

"Ndi za papepala chabe, achemwali."

"Papepala? M'kalasimo mukakhala pepala kapena mwana wanga? Ameneyu ndinamva ululu wake ndine. Chaka chake ndikuchidziwa, mwezi ndikuudziwa, khadi la kusikelo lili m'sutikesimo. Inu mwangopita m'mawa umodzi, mwabwera mwamudula zaka zisanu ngati mukudula mphonje ya buluku?"

"Onse amatero."

"Msiyeni alembe kaye mayeso. Miyezi inayi yokha."

"Galimoto ija idikira miyezi inayi?"

Apa ndiye ndinatsegula katundu wanga yense. Ndinawauza za osewera amene timawamva pa wailesi, omangira amayi awo nyumba za malata. Ndinawawerengera anyamata a m'mudzi mwathu amene anamaliza Fomu 4 koma akupalasa kabaza pa Migowi. Ndinati sukulu sithawa, mwendo ndi umene umathawa. Ndinawanyengerera achemwali anga ngati mmene ndimachitira ndi kasitomala amene waona kuti nsapato ndi yomatuka koma akuifunabe. Pomaliza anatembenukira kwa mwana wawo, amene anali atatsamira nkhokwe.

"Iwe ukuti bwanji?"

"Ndipita, amayi."

Anatola chinangwa china n'kupitiriza kusenda. Ine ndinachoka ndikudziona kuti ndapambana. Kalata ya Sitandade 6 ndinaipeza kwa munthu wina amene sindimutchula. Inandidyera peyala imodzi ya nsapato za ku ofesi, zakuda, saizi naini.

Popeza mwezi ndi mwezi ndimapita ku Limbe kukapikula, ndinkadzera ku akademe kukamuona. Chaka choyamba ndinkayenda ngati mwini timu. Anamuika m'gulu la ana aang'ono kwambiri, ndipo kumeneko anali chilombo. Zigoli zitatu, zinayi, masewero amodzi. Gulu lawo linatenga chikho cha ana, akochi anandigwira chanza ndi manja awiri, ngakhale alonda a pageti ankandiitana kuti amalume a nambala leveni. Ndikabwerera kumsika ndinkasimba mpaka makasitomala kuiwala kunenerera.

Zina ndinkaziona, koma ndinkaziona ngati mmene ndimaonera kabowo pansi pa nsapato, n'kuphimbapo ndi chala. Ulendo uliwonse ndinkamubweretsera malezala, obisa m'kati mwa sokosi. Ankameta m'chimbudzi m'mamawa anzake asanadzuke. Mawu ake anali atayamba kale kulemera, ndiye anangosiya kuyankhula, anthu n'kumamuyamikira kuti ndi mwana wofatsa. Anyamata a gulu lalikulu, a fifitini ndi sikisitini enieni, ankamutuma kukachapa masokosi awo. Tsiku lina ndinamumva ndi makutu anga akuyankha mmodzi wa iwo kuti, "Ndamva, achimwene." Mnyamatayo anali wamng'ono kwa iye ndi zaka ziwiri. Kwathu akanamupatsa mpando mphwanga.

Ndinamufunsa za sukulu titakhala pa khonde, tikudya chinangwa chophika chimene amayi ake anatumiza.

"Teremu yoyamba ndinali nambala wani," anatero. "Aphunzitsi anandinyamula."

"Ndiye zabwinotu zimenezo!"

"Masamu ake ndi aja ndinkakuwerengerani inu kalekale, malume. Pano ndimangokhala kumbuyo. Ndimawerenga misomali ya padenga."

"Nanga kubwalo?"

"Njomba ndinasiya. Ndimangothamanga, ana amagwa okha."

Ndinaseka kwambiri, ndinamumenya paphewa. Sindinamve chimene ankandiuza. Anzake a msinkhu wake weniweni nthawi imeneyo ankalimbana ndi anthu owaposa mphamvu, akuphunzira kutulutsa mpira msanga, kugwa n'kudzuka. Iye ankapikisana ndi tiana timene usiku wina timalira kufuna amayi awo.

M'chipinda chimene ankasungiramo mipira munali khoma loyera lokhala ndi timizere ta pensulo. Teremu iliyonse ankaimika mwana aliyense pakhomapo, kumuika rula pamutu, n'kulemba kamzere ndi tsiku. Chaka choyamba kamzere ka mphwanga kanali pamwamba pa onse a gulu lake. Chaka chachiwiri timizere ta anzake tinayamba kukwera ngati makwerero. Kake kanali pomwepo. Ankangodetsa kamzere komweko, teremu ndi teremu, mpaka pensulo inakumba kadzenje m'laimu.

Ndinaganiza zothandiza monga mwa nzeru zanga. Ndinadula timasiponji tiwiri kuchokera mu nsapato ya mayi wina wa ku Ulaya, n'kumupititsira kuti azitiika m'kati mwa nsapato zake, azioneka wamtaliko.

Anatiyang'ana m'manja mwake kanthawi.

"Amatiyeza opanda nsapato, malume."

Chaka chachitatu ana aja anakula. Sindikudziwa kuti ankawadyetsa chiyani. Kamwana kamene kale kankamunyamulira chikwama kanamupitirira ndi mutu wonse, mapewa ngati chitseko. Ndinaonerera masewero amodzi ndili kuseri kwa waya. Mphwanga analowa chigawo chachiwiri. Analandira mpira, n'kuukankhira kutsogolo kuti athamange monga anazolowera, koma wotchinga kumbuyo anangomutsamira ndi phewa, iye uyo pansi. Anayesanso, chimodzimodzi. Ulendo wachitatu anafuna kudyetsa njomba ija ya ku bonanza, mwendo unachedwa, mpira unatsalira m'mbuyo. Panalibe womuseka. Anthu ankangoyang'ana kwina. Masewero otsatira anakhala pa benchi, otsatirawo sanavale n'komwe jezi.

Atangolemba mayeso a Sitandade 8, kachiwiri m'moyo wake, akochi anandiimbira foni kuti ndipite.

Anandilandira bwino, anandipatsa mpando. Anati akademe ili ndi malo ochepa, ndipo pa fifitini amasankha opitirira ndi obwerera. Anati mnyamatayo ndi waulemu, sanabepo kanthu, sanamenyepo munthu, koma waima.

"Waima bwanji, bwana?"

"Thupi laima, mpira waima. Wafika pamene amafika."

Ndinayamba ntchito yanga. Ndinapempha zaka ziwiri, kuti mwina tigwirizane chimodzi. Anapukusa mutu. Ndinatsika pa chaka chimodzi. Ndinatsika pa teremu. Ndinafika mpaka popempha kuti azingotola mipira. Akochi anavula kapusi n'kuiika patebulo.

"Amalume, tili awiri muno. Ali ndi zaka zingati?"

Kwa nthawi yoyamba ndinanena nambala yoona popanda kukokana. "Twente."

Anapumira m'mwamba. "Ine ndinkayesa seventini."

"Ndiye munkadziwa kuti si thwelofu?"

"Ndili ndi maso."

"Nanga bwanji simunatsutse tsiku lija? Ine ndimadikira kuti munene fifitini, tikumane pa fotini!"

Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chilomwe cha agogo anga.

"Tikumane? Inu mumayesa ndikugula mbuzi? Mwini mwana ndinu, mwanena thwelofu, ine ndalemba thwelofu." Anaseweretsa wenzulo. "Komanso chaka chimenecho gulu laling'ono linkafuna chikho. Zimenezo sindikana. Mukananena fotini akanalowa ndi akuluakulu. Chaka chimodzi tikanadziwa ngati ali nazo kapena ayi. Akanakanika, bwenzi atabwerera ku sekondale kwake mabuku asanazizire."

Mphwanga ankadikira panja ndi chikwama chake, atamanga kale. Jombo anazisiya konko. Mu minibasi anakhala kuwindo, ndipo kuchokera ku Limbe mpaka pa boma la Phalombe anangoyankhula kamodzi, kuuza kondakitala potsikira.

Achemwali sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anangonditumizira uthenga kuti popeza ndinamuchotsa pasukulu ndine, ndikamubwezereko ndine. Zotsatira zitatuluka anali atakhoza bwino, ndiye ndinatenga mapepala ake n'kupita naye ku sekondale yake yakale.

Ahedi anali omwe aja. Anamuzindikira asanakhale n'komwe pansi. Anawerenga mapepala, anayang'ana mnyamatayo, anawerenganso.

"Bambo, mwandibweretsera anthu awiri," anatero. "Wina ndimamudziwa, anali Fomu 2, anasowa mayeso atayandikira, tinamufufuta. Wina ndi uyu wa papepala, wa zaka fifitini, wochokera ku Sitandade 8. Amene ndingamulandire ndi wa papepalayu. Fomu 1."

"Fomu 3, bwana, poti zinazo anaphunzira kale."

"Pano si pamsika."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsike pa Fomu 2. Mphwanga anandigwira mkono. "Basi, malume."

Analowa Fomu 1. M'kalasimo munali ana a m'mudzi mwathu momwe, amene anali Sitandade 6 iye akuchoka. Ena ankawakweza pa njinga kale popita kutchalitchi, mtsikana wina ankamuthandiza masamu pakhonde la achemwali. Ku Blantyre bodza linkamuteteza, chifukwa kunalibe womudziwa. Kuno aliyense ankadziwa zonse. Akalowa m'kalasi ena ankaimirira n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, madala?" Ena ankamufunsa ngati lero ali ndi zaka za Lolemba kapena za Lachisanu. Anzake akale, amene anamaliza Fomu 4, ankamuona akudutsa pamsika ndi yunifolomu n'kumayang'ana pansi, kumumvera manyazi.

Anapirira masabata awiri ndi masiku atatu. Lachinayi m'mawa anapinda yunifolomu n'kuiika pa mphasa ya amayi ake. Anabwereka njinga kwa mnansi, anamangirira dengu, n'kulowera kunyanja ya Chilwa kukapikula matemba.

Ntchito yake mpaka lero ndi imeneyo. Amapita kumadooko, amagona m'misasa ya asodzi masiku awiri kaya atatu, n'kubwera ndi dengu kudzagulitsa. Nthawi ya dzinja amakankha njinga m'matope a m'minda ya mpunga, madzi kufika m'mawondo. Anyamata a timu ya m'mudzi anapitako kawiri kukamupempha kuti awathandize pa bonanza. Anawauza kuti alibe nthawi.

Mwezi wathawu ndinakumana naye panjira yochokera ku Chiringa, masana dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinali ndi thumba la nsapato zotsala, iye dengu lopanda kanthu. Anatsika pa njinga, n'kundipatsa moni ndi manja awiri monga mwa masiku onse. Ulemu sanandichotserepo, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa kwambiri. Ndevu anazisiya, zadzaza chibwano chonse.

Ndinali nditakonza mawu kwa masabata. Ndinamuuza kuti kuli sukulu ya masana, ya openi, kumene kumapita ngakhale azimayi a ana atatu, palibe woseka mnzake. Ndinati fizi ndi mabuku ndiona ine. Ndinati zaka zinayi si kanthu, ndipo pa mapepala ake akadali mwana, akhoza kumaliza Fomu 4 ali ndi twente yokha.

Anandisiya ndimalize. Anakonza chingwe cha dengu, ngakhale chinali chomangika bwino.

"Malume, mapepala aja ndinakulungira matemba."

"Tikhoza kupeza ena. Ndikudziwa munthu."

"Ndikudziwa kuti mukudziwa munthu." Anamwetulira pang'ono, osati mwachipongwe. "Ndisiyeni ndikhaleko wa zaka zanga."

Ndinafunafuna choti ndiwonjezere, chifukwa sindinazolowere kuti nkhani ithe mnzanga atanena lomaliza. Sindinachipeze. Anandifunsa ngati azakhali ake, mkazi wanga, ali bwino kunyumba, ndinati ali bwino. Anati kukubwera mvula kumapiriko, afulumire asanatsekeredwe ndi mtsinje. Anakwera njinga n'kukhotera njira ya kunyanja, ine ndinasenza thumba langa.